Chitseko cha Mlongoti

Inu amene mwatsegula nkhaniyi pofuna mawu okulimbitsani mtima, ndikuchenjezeretuni kuti mbali yaikulu ndi yowawa. Ngati mumayembekezera munthu amene anayamba wosauka n'kumaliza ali ndi nyumba yampanda, pepani, mwasochera. Pano pali mayi mmodzi atagwada pakhomo la ofesi yake, bulashi m'manja, akupala penti.

Achinyamata a m'deralo ankamutcha Sisi. M'mawa umene ndikunenawu anapeza wina atalemba pachitseko cha pamsewu, ndi zilembo zikuluzikulu zofiira, mawu akuti KAZITAPE. Wolembayo sanaumire, anagula penti yabwino, moti Sisi anapala mpaka zala kutupa koma mawuwo ankawerengekabe. Odutsa ankayang'ana kumbali. Wogulitsa matayala, amene masiku onse ankamulonjera ndi nthabwala, tsiku limenelo anatanganidwa kwambiri ndi tayala limene linalibe vuto lililonse.

Atatopa anakwera masitepe, n'kuyala mipando mozungulira monga ankachitira Lachitatu lililonse. Anatereka ketulo. Madzi anawira, anazizira, anawawiritsanso. Sikunabwere munthu ndi mmodzi yemwe.

Ndikuuzeni kaye za malowo. Chinali chipinda chimodzi chonunkha mphira chaka chonse, pamwamba pa shopu ya matayala, mu mzinda wina wa kunja kumene anthu akuda ndi ochepa. Bungwe lina laling'ono linachita lendi chipindacho kuti achinyamata achikuda a m'deralo azipezako thandizo la matenda a maganizo. Ogwira ntchito anali atatu. Sisi anali mlangizi. Nesi anali mayi wathupi, wa pakamwa posatseka, amene masiku ambiri ankayendera odwala m'makomo. Wachitatu anali Bwana, amene ankaoneka mwa apo ndi apo chifukwa cha misonkhano.

Kunyengerera mnyamata wachikuda kuti akwere masitepe ngati amenewo si ntchito yamasewera. Kunyumba anakula akumva kuti misozi ndi ya akazi. Kusukulu akakhala chete ankati ndi wamwano, akalankhula ankati ndi wovuta. Akalowa m'sitolo, mlonda amamulondola shelefu ndi shelefu. Ndiye iwe ubwere ndi kapu ya tiyi uzimuuza kuti afotokoze za kukhosi kwake? Amakuseka, n'kukuuza kuti matenda a maganizo ndi a anthu okhuta.

Sisi ankazidziwa zimenezi chifukwa anakulira m'misewu yomweyo. Anali wamasiye, woleredwa ndi mchimwene wake. Mchimweneyo mutu utayamba kusokonekera, panalibe amene ankadziwa kopita naye. Anayamba kugona m'makhonde a masitolo, kenako tsiku lina sanaonekenso. Sisi anakolopa maofesi a eni kwa zaka zambiri, akuphunzira poweruka. Mayeso analephera, anabwereza, analepheranso, mpaka anakhoza. Atapatsidwa chipinda chija analonjeza achinyamata zinthu ziwiri: kuti zolankhula mmenemo zimathera momwemo, komanso kuti munthu wa yunifolomu sadzakwera masitepe amenewo. Lonjezo lachiwirili ndi limene linadzaza mipando.

Mmodzi mwa oyamba kukwera anali Mlongoti. Dzinalo anamupatsa anzake chifukwa cha msinkhu: polowa pakhomo ankawerama, ndipo buluku lililonse linkamulekeza m'mwamba mwa akakolo. Thupi linali loti anganyamule firiji yekha, koma akaona mphemvu ankakwera pampando. Ankakonza mawailesi ndi masipika m'chipinda chake. Tsiku loyamba anabwera ati kudzaona soketi imene inkathetheka, koma anakhala masana onse. Patapita miyezi anauza Sisi chinthu chimene ngakhale mayi ake sankachidziwa, choti nthawi zina amamva mawu a anthu amene palibepo, ndipo mawuwo samunenera zabwino.

Nesi anapita naye kwa dokotala, anayamba kumwa mankhwala, mawu aja anachepa. Koma mankhwalawo ankamunjenjemeretsa manja, ndipo munthu wonjenjemera manja sangawotcherere tiwaya ta m'wailesi. Anawasiya mwakachetechete osauza aliyense.

Ndiye linafika Lachitatu lina masana. Anzake ali m'chipindamo akusewera makadi, Mlongoti analowa maso ali psuu, zikuoneka kuti wakhala masiku osagona. Ankalankhula mothamanga kuti anthu ena aika mawaya m'makoma kuti azimumvetsera. Anapita pawindo, anati akuwaona ali panja, n'kumenya galasi ndi chibakera. Kenako anatola chidutswa cha galasilo, anakwawira pansi pa tebulo, n'kudzipinda ngati mwana woopa mabingu. Magazi ankayenderera kuchokera m'dzanja lake. Nesi anali kutsidya lina la mzinda ndipo foni yake sinkayankhidwa. Bwana anali kumsonkhano.

Kumaphunziro Sisi anauzidwa momveka bwino kuti moyo wa munthu ukakhala pangozi, uziimba nambala yangozi, ndipo uzinena zimene ukuona, osachepetsa, osawonjezera. Anaimba kuti apemphe ambulansi. Wolandira foni anafunsa kuti munthuyo akuoneka bwanji, ngati wachita zachiwawa, ngati ali ndi chida. Sisi anayankha mwa dongosolo, monga mwana wa sukulu wabwino. Anati ndi mnyamata wakuda, wamtali kwambiri, wathupi, waswa windo, wagwira chidutswa cha galasi, ndipo pali magazi. Zonsezo zinali zoona. Mawu akuti ndi wodwala anawanena kumapeto, pamene wa mbali inayo anali atamva kale zimene anamva.

Apatu ndi pamene panali cholakwa chake, ndipo ndi cholakwa chimene mayi wosaphunzira wa m'deralo sakanachita. Mayi aliyense wa mwana wakuda amadziwa mmene mawu amenewo amamvekera m'makutu mwa anthu ena. Sisi nayenso ankadziwa. Koma mantha atamugwira, chimene chinalankhula ndi maphunziro aja.

Ambulansi inabwera mochedwa. Oyamba kukwera masitepe anali apolisi, nsapato zawo zikumveka kuchokera pansi. Anagubuduza tebulo. Mlongoti anali atataya kale galasi lija, koma palibe anaona. Anamugonetsa chafufumimba, bondo la wina lili pamsana pake, tsaya lake lili pa simenti yomwe iyeyo ankathandiza kusesa. Sisi ankakuwa kuti ndi wodwala, koma anamukankhira kukhoma pamodzi ndi achinyamata ena. Akumumanga unyolo, Mlongoti sanaitane mayi ake. Anatembenuza mutu kufunafuna Sisi.

"Sisi, auzeni kuti ndine ndani."

Apolisi anatsika naye masitepe anzake onse akuona. Ena anajambula pafoni, ndipo pofika madzulo dera lonse linali litaona. Penti ija inalembedwa pasanathe sabata.

Bwana anamuitana Sisi, anamupatsa madzi akumwa, n'kumuuza kuti watsatira ndondomeko ndipo palibe mlandu. Ndikuuzeni, palibe mawu ozizira ngati amenewo kwa munthu amene chikumbumtima chikumudya. Akanamukalipira bwenzi zili bwinoko. Sisi anapitiriza kuyala mipando kwa masabata angapo, kenako anasiya. Anasiyanso kupita kuofesi. Ankadzuka dzuwa lili pamutu, osasamba, makatani otseka. Munthu amene ankaphunzitsa ena zizindikiro za matenda a maganizo ankaziona zonse mwa iye yekha, koma analibe mphamvu zochitapo kanthu. Tsiku lina anapita kwa kapitawo wake wakale kukapempha ntchito yokolopa ija. Kapitawoyo anati abwere Lolemba.

Loweruka Nesi anafika kwawo, anagogoda ngati wobwera kudzamenya munthu. Analowa, anatsegula makatani, anakhala pabedi mpaka bedilo linalira, n'kuyamba kudya buledi wa Sisi osapempha. Anamuuza kuti m'nyumbamo mukununkha ngati m'sokosi. Kenako anasiya nthabwala. Anati Mlongoti anatulutsidwa m'chipatala chimene apolisi anakamusiya, koma chifikireni kwawo anadzitsekera m'chipinda ndipo satsegulira munthu. Mankhwala sakumwa. Nesiyo anapitako, anabwezedwa pakhomo.

"Adwalanso ameneyu, usakayike," anatero Nesi. "Ndipo ulendo uno akadwalira pamsewu, sipadzakhala ngakhale wokuwa kuti ndi wodwala. Ukudziwa mmene zimathera."

Sisi anayankha kuti pa anthu onse a padziko, iyeyo ndi womaliza amene Mlongoti angafune kumuona. Nesi anavomera kuti zimenezo ndi zoona, n'kufunsa kuti nanga wina ndani. Anakutumula nyenyeswa pa diresi lake n'kumapita.

Lolemba Sisi sanapite kokakolopa. Sindinganene kuti analimba mtima, ayi. Anangoona kuti mwa zinthu ziwiri zimene ankaziopa, kuyang'anizana ndi banja la Mlongoti kunali kochepa poyerekeza ndi kudzamva uthenga wa maliro ake.

Mlongoti ankakhala ndi mayi ake m'nyumba yosanja yakale, pamwamba penipeni, ndipo lifiti inafa kalekale. Mayi akewo ankachapa zovala kuhotela ina, manja awo anali osuwa ndi sopo. Sisi atagogoda, anatsegula pang'ono tcheni chili chokola.

"Mwabwera nawo?"

"Ndani, mayi?"

"Anzanu aja."

Chitseko chinatsekedwa. Sisi anatsika masitepe onse aja. Lachinayi anabweranso, poti ndilo tsiku limene mayiwo ankaweruka msanga. Sanamutsegulire. Lachinayi linalo anamutsegulira kuti amutukwane bwinobwino, ndipo anamutukwanadi mpaka oyandikana nawo anasuzumira. Sisi anaima manja ali kumbuyo akumvetsera, chifukwa panalibe bodza pa zimene ankanenazo.

Tsiku limene anamulola kulowa, sikuti anali atamukhululukira. Anali atangotopa. Munthu amene wakhala miyezi akulankhula ndi chitseko amafika polola aliyense kuti ayeseko. Anamulozera kanjira kopapatiza ka m'nyumbamo, kumapeto kwake kuli chitseko chabuluu. Mpando sanamupatse. Sisi anavundikira ndowa imene inali pamenepo n'kukhalapo. Pansi pa chitsekocho pankaoneka kuwala, ndipo nthawi zina mthunzi wa mapazi.

Ndiye anayamba kufotokoza. Alangizitu ndi anthu a mawu, ukawapatsa mpata sakusiya. Anafotokoza za magazi, za foni ya Nesi yosayankhidwa, za zimene anaphunzitsidwa, zoti iye anapempha ambulansi osati apolisi. Asanafike pakati, m'chipindamo munaphulika nyimbo. Musaiwale kuti mnyamatayo ankapanga yekha masipika. Makapu a kukhitchini ananjenjemera, a m'nyumba yapansi anayamba kugogoda denga lawo ndi tsache. Nyimboyo inazima Sisi atatuluka.

Anabwereza cholakwa chomwecho kangapo asanazindikire kuti kufotokoza konse kuja kunali kofuna kupeputsa mtima wake, osati wa Mlongoti. Kuyambira pamenepo anachepetsa mawu. Akafika ankati, "Ndine Sisi, ndafika." Ankakhala pandowa paja mpaka msana kuwawa. Ponyamuka ankati, "Ndikupita, ndibweranso Lachinayi." Nyimbo inasiya kuphulika, koma yankho panalibe.

Masiku enawo ankayenda m'maofesi. Anapita kupolisi, anapita kwa olandira mafoni angozi, kukapempha kuti foni ikachokera ku chipinda chawo chija azitumiza azaumoyo poyamba. Ankamukhazika pabenchi mpaka nthawi yoweruka. Kwina anamuuza kuti woyenera kumuona ali patchuthi, kwina anamuyamikira kwambiri chifukwa cha maganizo abwino n'kumuperekeza pakhomo. Palibe chimene chinasintha.

Nyengo yozizira inafika. Mlongoti ankatuluka m'chipinda pokhapokha m'nyumba mukakhala mopanda munthu. Yekhayo amene ankayankhidwa anali amalume ake, dalaivala wa basi, amene ankabwera Lamlungu n'kumakuwira pachitseko zotsatira za mpira. Timu yawo ikaluza, mkati munkamveka kakuti "mxii", basi. Amalumewo anafuna kuthyola chitseko, koma mayi ake anakana, anati mwana wawo manja a amuna amukwana.

Chimene chinkawadetsa nkhawa onse chinali chakudya. Mbale iliyonse imene mayi ake ankaika pakhomo inkabwerera mmene inapitira. Ankangotenga zinthu zomata za kusitolo, buledi wa m'pepala ndi za m'zitini. Mayi akewo ankalira kuti mwana wawo akukana dzanja limene linamulera.

Chifukwa chake Sisi anachiona mwangozi. Atapita kukhitchini kukamwa madzi, anapeza mayiwo akuphwanya piritsi ndi supuni n'kumawaza m'mbale ya Mlongoti. Anawapempha motsitsa mawu kuti asiye. Anawauza kuti mnyamatayo akudziwa, ndipo kwa munthu amene mutu ukumuuza kale kuti anthu akumuchitira chiwembu, mbale imeneyo ikungotsimikizira kuti mawu a m'mutu aja akunena zoona. Mayiwo anaika supuni pansi.

"Ndiye ndichite bwanji, ndizingomuonerera? Ndipo mwa anthu onse, inuyo ndi woti mundiphunzitse kusamala mwana wanga?"

Sisi anabwerera pandowa pake. Anamva chisoni chachikulu, osati ndi mayiwo okha, koma ndi mnyamata amene anazunguliridwa ndi anthu omukonda, ndipo aliyense wa iwo ankamupusitsa m'njira yakeyake. Amalume ankamuuza kuti makasitomala akufunsa za iye, pomwe palibe ankafunsa. Mayi ankamuuza kuti m'chakudya mulibe kanthu. Ngakhale Nesi anakuwapo pakhomo kuti wangodutsa, atanyamula jakisoni m'chikwama.

Lachinayi lina, Sisi atangoti wafika, mthunzi wa mapazi unayandikira chitseko. Mawu amene anatuluka anali osasa, a munthu amene wakhala nthawi yaitali osawagwiritsa ntchito.

"Sisi. Zikadzachitikanso, mudzaimbanso?"

Mayi ake anatuluka kukhitchini manja ali onyowa. Anaima kumbuyo kwa Sisi akupukusa mutu mwamphamvu, milomo ikunena mopanda mawu kuti akane. Sisi ankadziwa yankho limene likanatsegula chitsekocho nthawi yomweyo. Linali lalifupi, ndipo linali pamlomo. Koma lonjezo ngati limenelo analipangapo kale, ndipo onse anaona mmene linathera.

"Moyo wako ukadzakhala pangozi, njira zina zonse zitakanika, ndidzaimba," anatero. "Ndinalakwa kukulonjezani chinthu chimene sindikanatha kusunga. Ndinalakwanso mmene ndinakufotokozera pafoni paja. Koma sindikunamiza kuti sindidzaimba."

Mapazi aja anachoka. Nyimbo inaphulika kuposa kale lonse.

Mayi ake anamugwira Sisi padzanja n'kumukokera kukhomo. Ankalira ndi ukali. Anati miyezi yonseyi mwana wawo walankhula kamodzi kokha, ndipo iye wawononga ndi chilungamo chake chopanda nzeru. Anafunsa kuti kunama kamodzi kukanamudula lilime? Anamuuza kuti asadzapondenso m'nyumba mwawo.

Apa Sisi anafika pansi penipeni, kuposa tsiku la penti lija. Poyamba paja ankadziwa kuti analakwa. Ulendo uno sankadziwa ngati walakwa kapena ayi, ndipo kusadziwako kunkamusowetsa tulo. Nesi, amene sankasowa chonena, anangopumira m'mwamba n'kunena kuti iyeyo akanakhala pamenepo akananama. Bwana anati mwina nthawi yakwana yoti nkhani ya Mlongoti aisiye m'manja mwa achipatala. Achipatalawo anati sangachite kanthu mpaka wodwalayo atabwera yekha kapena atachita choopsa.

Lachinayi litafika anapitabe. M'nyumba sakanalowa, choncho anakhala pa sitepe yomaliza, kunja kwa khomo lawo, pamene pankawomba mphepo yochokera pawindo losweka la m'masitepe. Anakweza mawu kuti wafika. Ponyamuka anakwezanso mawu kuti abweranso. Sankadziwa n'komwe ngati mawuwo ankadutsa zitseko ziwiri. Mayi ake akamachokera kuntchito ankamulambalala ngati katundu wa eni. Oyandikana nawo anamuzolowera, mwana wa nyumba ina mpaka ankamusungitsa njinga.

Musaganize kuti ankapita ndi chiyembekezo. Chinali chitatha. Ankapita chifukwa ananena kuti abwera, ndipo m'moyo wa mnyamata uja munafunika munthu mmodzi amene mawu ake ndi zochita zake zinkafanana, ngakhale munthuyo akhale amene ankadana naye. Anadwala chifuwa, anapitabe akutsokomola. Masabata anadutsa, kuzizira kunayamba kutha, khomo lili chitsekere.

Tsiku limene linatseguka, mayi ake anali atachedwa kuntchito. Sisi anamva tcheni chikukolowoka, anaganiza kuti ndi mphepo. Atatembenuka anaona munthu atawerama pakhomo. Akanakumana naye pamsewu sakanamuzindikira. Juzi inkalendewera m'mapewa, ndevu zinali zitamera mosalongosoka, khungu litatuwa. Sanamuyang'ane kumaso.

"Sindinakukhululukireni," anatero Mlongoti.

"Ndikudziwa."

Anakhala pansi potsamira khoma, kutali ndi Sisi. Analankhula pang'onopang'ono, akuima kawirikawiri ngati akumvetsera kwina. Anati masabata onsewa ankadikira kuti Sisi abwere kudzasintha yankho lija, kudzanena kuti anangolankhula molakwitsa. Akanasintha, iye akanadziwa kuti nayenso ndi wofanana ndi enawo. Anati mawu a m'mutu aja abwerera, ndipo tsopano akulankhula usana wonse. Anati akuopa. Akuona kuti mutu wake watsala pang'ono kumuthawanso, ndipo akufuna anene zoyenera kuchita panopa, pamene akadali wotha kunena.

Sisi sanamudule. Mlongoti anati zikadzayamba, woyamba kuimbiridwa akhale amalume, chifukwa mawu awo amawamva ngakhale mutu utasokonekera. Amalume akapanda kuyankha, aimbire Nesi. Pasakhale womugwira kuchokera kumbuyo, ndipo pasakhalenso womuikira kanthu m'chakudya. Mankhwala onjenjemeretsa manja aja sakuwafunanso. Sisi anamuuza kuti alipo ena, ndipo Nesi akhoza kukambirana ndi dokotala iyeyo ali pomwepo akumva, koma sangalonjeze kuti oyamba kuyesa adzamuyanja.

"Nanga onsewo akakanika?" anafunsa Sisi. Funsolo linamuwawa polifunsa, koma linayenera kufunsidwa.

Mlongoti anayang'ana zipsera za m'dzanja lake.

"Mudzaimbe. Koma mudzayambe ndi dzina langa. Mudzanene kuti ndikudwala, ndiponso kuti ndili ndi mantha. Kutalikaku adzakuona okha akafika. Ndipo inuyo mudzaime poti ndizikuonani."

Sisi anavomera. Misozi inali ikutsika, koma sanaipukute, poopa kuti akasuntha dzanja mnyamatayo adzidzimuka. Mayi ake atafika pamwamba pa masitepe ndi thumba lawo, anapeza mwana wawo ali panja. Thumbalo linagwa. Sanamulonjere Sisi tsiku limenelo, ndipo mpaka lero moni wawo ndi wa pamwamba pa mlomo.

M'mawa mwake anapita kukaonana ndi dokotala. Mlongoti ankayenda kumbuyo, patali ndithu, chipewa cha juzi chitaphimba nkhope. Sisi sanacheuke kuti amufulumizitse.

Ndikanakonda ndikuuzeni kuti anachira, koma ndinganame. Mankhwala achiwiri sanamuyanje, achitatu ndi amene anayamba kugwirako. Achinyamata ena anabwerera ku chipinda cha pamwamba pa matayala, ambiri sanabwererenso, ndipo alipo amene mpaka pano amawoloka msewu akamuona Sisi. Maofesi aja akuganizirabe pempho lake.

Ndipo tsiku limene Mlongoti ankaliopa linafikadi. Chaka chotsatira mutu unamuthawanso, masana, ali pakati pokonza wailesi ya munthu. Mayi ake anaimbira Sisi. Sisi anaimbira amalume. Amalume anapempha mnzawo kuti awagwirire basi, anathamanga, anakhala pansi pafupi ndi mphwawo n'kuyamba kudandaula za timu yawo ngati palibe chikuchitika. Zinatenga masana onse. Sisi anaima pakhomo pomwe Mlongoti ankatha kumuona, miyendo mpaka kuchita dzanzi. Dzuwa likupendeka anakwera takisi onse. Atafika kuchipatala, Mlongoti anatsika yekha, anawerama pakhomo, n'kulowa ndi miyendo yake, manja ake ali omasuka.

Tsono inu amene mukugwira ntchito ngati ya Sisi, ndi inu amene muli ndi mwana, mlongo kapena mnzanu amene wadzitsekera, mverani. Mudzalakwitsa, ndipo nthawi zina mudzalakwitsa pochita zimene munaphunzitsidwa. Amene munkafuna kumuthandiza akhoza kudana nanu, ndipo akhoza kukhala ndi chifukwa chomveka. Vomerani cholakwa chanu, musamugule ndi bodza, ndipo tsiku limene munanena kuti mubwera, bwerani. Mwina sadzakukhululukirani, koma mukufuna kuti akhale ndi moyo, osati kuti akuyamikireni. Ngakhale mtima utakuuzani kuti zatha, musautaye, kwerani masitepewo kachiwirinso.